Funsani a Malume: ng'oma, kiyibodi ndi sipika ya pa maliro

Moni nonse owerenga, kuyambira kwathu kuno ku Chilenje mpaka ku George, Bauleni, Chaisa ndi kwina konse komwe magazini ino imakufikani pa foni. Mwezi uno makalata abwera ambiri ndithu ndipo chomwe chandidabwitsa nchakuti pafupifupi onse akuzungulira pamodzimodzi, nyimbo ndi mapemphero, kaya ndi nyengo yake kaya. Ndasankhapo asanu, ena ndayankha motalika ena mwachidule malinga ndi kulemera kwa nkhani. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, mipingo yomwe mwaidandaula nayonso sinditchula. Ine ndaimbitsa kwaya zaka zoposa 30 muno mu Lusaka ndiye nkhanizi sindikuziyankha ngati munthu woonerera patali ayi, zimandikhudza pamtima penipeni.

FUNSO: A Malume, ine ndine mayi wa Chigwirizano, ndikhala ku Chawama. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 23, wakhala akuliza kiyibodi ku tchalitchi kuyambira ali giredi 8, palibe Sondo yomwe anajombapo, ma ovanaiti, maukwati, maliro, zonse ndi iyeyo. Manje chaka chino anapeza pisiweki mu bandi ina yomwe imaimba pa Chisanu ndi pa Chiwelu usiku pa malo ena omwera mowa ku tauni, ndipo ndalama zomwe alandira kumeneko ndi zomwe tilipira lendi ndi sukulu ya mng'ono wake poti atate awo anamwalira. Akulu a mpingo atamva amuimitsa, ati zala zomwe zaimbira zidakwa sizingakhudze kiyibodi ya Mulungu. Mwanayu samwa, sasuta, koma manje wakwiya ati sadzapondanso ku tchalitchi. Ine usiku sindigona. Kodi wachimwadi mwana wanga?
Mayi wosweka mtima, Chawama

YANKHO: Amayi, choyamba pepani, ndipo zikomo kuti simunamutaye mwanayo. Yankho langa ndi lakuti ayi, kuliza kiyibodi kuti banja lidye si tchimo. Kalipentala wa mumpingo mwanu momwemo amakhoma mabenchi a tchalitchi lero, mawa akhoma mipando ya ku bawa, palibe anamuitanirapo ku bwalo la akulu. Dalaivala wa minibasi ya ku Chawama amanyamula opita ku ovanaiti ndi ochokera ku mowa pa mpando umodzi, pa Sondo ndi yemweyo amawerenga mau kutsogolo. Nanga woimba yekha ndiye zala zake zimada bwanji?

Koma ndisawanamizire akuluwo kuti alibe nzeru, mantha awo ali ndi pochokera. Ife amene tinaona Lusaka wa m'ma 1980 ndi 1990 tikudziwa mmene moyo wa usiku unamalizira oimba, anyamata aluso a nthawi ya Zamrock ndi kalindula ambiri tinawaika m'manda akadali ang'onoang'ono, mowa ndi matenda. Mu kwaya yanga momwe ndinataya anyamata awiri, anayamba bwinobwino ati ndi ntchito chabe, kenako kasitomala wakugulira botolo limodzi poti waimba bwino, kenako awiri, kenako pa Sondo sakudzuka, mapeto ake tinakawaimbira ife ku manda a Chingwere. Ndiye ngozi ilipo, sindikana, koma ngoziyo ili pa botolo ndi pa anzake oyenda nawo, siili mu kiyibodi. Ndipo mwana yemwe mukuopa kuti angagwere m'chitsime simumuthamangitsa pakhomo, mumamukokera pafupi.

Tsono pali funso lomwe ndikufuna mukawafunse akuluwo, mwaulemu ndithu, pa zaka 9 zonsezi mpingo unkamupatsa zingati? Yankho ndikulidziwa kale chifukwa ndi mmene zilili m'mipingo yambiri muno, ya transipoti basi, mwina ndi botolo la dirinki ukatha ukwati. Timasonkha ndalama zogulira masipika akuluakulu, mikisa, jenereta ya nthawi yomwe magetsi azima, koma munthu yemwe amachititsa kuti zonsezo zilire amabwerera kunyumba wapansi m'thumba muli mbee. Nkhaniyi si ya lero. Tsegulani Nehemiya 13 ndime 10 ndi 11, Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu anapeza kuti Alevi ndi oimba a m'kachisi athawira ku minda yawo chifukwa sankapatsidwa gawo lawo, ndipo taonani chomwe anachita, sanakalipire oimbawo ayi, anakalipira akuluakulu, kenako nkuwasonkhanitsa oimba aja kuwabwezera pa malo awo. Munda womwe mwana wanu wathawirako ndi bandi imeneyo.

Komanso khoma lomwe timamanga pakati pa nyimbo za ku tchalitchi ndi za kunja, anthu akhala akulidumpha kuyambira kale ndipo mpingo wapindula nazo. Munthu yemwe a ku America amamutcha tate wa nyimbo za gospel, Thomas Dorsey, anali woliza piyano wa blues, m'ma 1920 ankayenda ndi bandi ya Ma Rainey kuimba m'malo achisangalalo, ndipo atayamba kupeka nyimbo za Mulungu ndi kalizidwe komweko mipingo yambiri ya ku Chicago inayamba yamukana kaye. Mu 1932 mkazi wake anamwalira pobereka, khanda nalo linatsatira, ndipo m'chisoni chimenecho ndi momwe anapeka Precious Lord, Take My Hand, yomwe lero ikutonthoza anamfedwa m'maiko ambirimbiri. Zala zomwezo za ku blues. Kuno kwathu kumbukirani P.K. Chishala, katswiri wosaona uja wa kalindula, nyimbo yake ya Ba Pastor yodzudzula abusa a makhalidwe oipa inakwiyitsa anthu ena a mipingo mpaka kufuna kuti iletsedwe, koma anthu wamba anaimva ngati ulaliki, ulaliki womwe pa guwa panalibe wolimba mtima kuunena. Inkalira m'mabawa momwemo nkumawongola mpingo.

Chochita ndi ichi amayi. Musapite nokha, mutu umodzi susenza denga, tengani amayi busa kapena mkulu mmodzi yemwe amamudziwa mwanayo kuyambira ali ku Sande sukulu, mukakhale pansi. Mwanayo naye akalonjeze zomveka, mowa ayi, nyimbo zotukwana akane kuliza, akaweruka abwere kunyumba, pa Sondo afike ali maso. Mpingo nawo unene chomwe ungamupatse pamwezi olo chochepa, kuti tsiku lina adzathe kusankha yekha kusiya za usiku. Pakali pano musamukakamize ndi misozi kuti apite ku tchalitchi, chilonda chikadali chachiwisi, koma madzulo mukamapemphera m'nyumba mpempheni ayambitse nyimbo imodzi ya mu Nyimbo za Mulungu, ija atate ake ankaikonda.

FUNSO: Ba Malume, ine ndine mnyamata wa ku Kanyama, kwathu ni ku Katete koma ninabadwira kuno. Nili na ka situdiyo kumbuyo kwa nyumba, nipanga ma biti. Manje nili kupanga nyimbo ya gospel ya amapiano, ndipo pamene ninapita ku Kulamba ninajambula ng'oma za gule wamkulu pa foni, mbalule ija imveka bwino maningi pamwamba pa log drum. Mu vidiyo nifuna gule avine kutsogolo kwa kwaya, mnzanga ati angavale chigoba chamene tinagula pa Kabwata Cultural Village. Abusa anga ati ng'oma zija zili na ziwanda, ambuya anga naonso akana ati nizaputa mavuto. Onse awiri akana koma pa zifukwa zosiyana. Nimvere ndani?
Pulojusa wachinyamata, Kanyama

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndagona nalo masiku atatu. Walemba ngati nkhani imodzi koma muli ziwiri, ya ng'oma ndi ya chigoba, ndipo pa ya ng'oma sindigwirizana ndi abusa ako, pa ya chigoba ndili kumbali ya ambuya ako.

Tiyambe ndi ng'oma. Ng'oma ndi thunthu la mtengo logobedwa, chikopa, zikhomo ndi kaphula pakati, ikafooka timaiwamba pamoto kuti ilire bwino, basi. Chiwanda chingalowe pati pamenepo chomwe sichingalowe mu log drum yako ya pa kompyuta? Maganizo akuti ng'oma yathu ndi yachikunja anabwera ndi amishoni oyamba. A Dutch Reformed atafika pa Magwero mu 1899 anabwera ndi nyimbo za kwawo, mau anamasuliridwa m'Chinyanja koma chuni chinakhalabe cha ku Ulaya, ndipo agogo athu pobatizidwa ankauzidwa kuti ng'oma ndi magule azisiye panja. Nyimbo zimenezo ine ndimazikonda, ndakulira momwemo ndipo ndidzafera momwemo, koma kukonda kwangako sikundichititsa kuiwala kuti tinataya kanthu pakhomo paja. Kwa a Katolika Misa inali ya Chilatini mpaka msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, womwe unatsegula chitseko kuti anthu azipemphera m'zinenero zawo ndi maimbidwe a kwawo. Pita lero ku Misa ya m'mawa m'maparishi a muno mu Lusaka, ng'oma zili kutsogolo, maseche, nthungululu, ana a Stella akuvina kuperekeza Mau a Mulungu, anthu akupemphera ndi mtima wonse.

Olo zimenezo zisanachitike, Alice Lenshina ku Chinsali m'ma 1950 anakoka anthu zikwizikwi kuchoka ku mishoni, ndipo chimodzi mwa zomwe zinkawakoka ndi nyimbo zomwe ankapeka m'Chibemba pa maimbidwe a kumudzi, anthu ankamva ngati Mulungu wayamba kulankhula chinenero cha pamtondo. Nkhani ya mpingo wake wa Lumpa inathera m'magazi mu 1964, imeneyo ndi ya tsiku lina, koma phunziro la nyimbo lija mipingo inalitola. Abusa ako uwawerengere Salmo 150 mwaulemu, muli lipenga, zeze, lingaka, chitoliro, nsanje, ndi kuvina komwe. Miriamu atawoloka nyanja anatenga lingaka amayi onse nkumutsatira akuvina, Davide anavina pamaso pa likasa ndi mphamvu zake zonse, ndipo yemwe Baibulo silimuyamikira pa nkhaniyo ndi Mikala amene anamunyoza ali pawindo.

Tsono chigoba. Apa khala pansi umve bwino. Gule wamkulu si yunifomu ya sewero ayi, ndi mwambo wopatulika wa eni ake, uli ndi dambwe lake, malamulo ake, akuluakulu ake, ndipo umatuluka pa nthawi zake, pa maliro, pa chinamwali, polonga ufumu, ndi pa Kulamba paja unapita, pomwe Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti. Kwa eni mwambo chomwe chimavina pabwalo si munthu, ndi chilombo, mzimu wa makolo wobwera pakati pa amoyo. Za kudambwe sizikambidwa mu magazini ndipo ine sindizikamba, koma ichi chokha ndikuuze, munthu wosalowa kuvala chigoba nkumadzitcha gule ndi chipongwe chachikulu, kumudzi umenewo ndi mlandu wa pabwalo la mfumu. Ambuya ako sakungokuopseza chabe, akukuteteza. Safunsa anadya phula.

Ndipo taganiza vidiyoyo ikatuluka idzakhala ikunena chiyani. Gule akuvina kutsogolo kwa kwaya yoimba za Yesu. Wa mpingo adzati mwabweretsa mizimu pa guwa, wa gule adzati mwatigwira kuti tioneke ngati tagonja tatembenuka, onse awiri adzapwetekedwa mtima ndipo iwe chomwe udzapeze ndi malaiki a sabata imodzi. UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, zoona, ndipo tinanyadira tonse, koma mau amenewo satanthauza kuti aliyense angotola nkuponya pa TikTok, chumacho chili ndi osunga ake ndipo akadali moyo.

Sindikunena kuti mbali ziwirizi sizinayankhulanepo. Gule mwini wake anatola za ku tchalitchi kalekale, muli Maliya, muli Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, zilombo zomwe zinabadwa nthawi yomwe amishoni ndi eni dambwe ankalimbirana anyamata m'midzi. Ndipo ku Mua ku Malawi, komwe mkangano umenewo unali woopsa kwambiri, wansembe wa Katolika bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, lero kuli nyumba yosungiramo zigoba za gule mazanamazana pa mishoni penipeni. Koma bambo aja anakhala ndi akuluakulu a m'midzi zaka zambirimbiri, kufunsa, kumvetsera, kuphunzira chinenero, mpaka anapatsidwa mfunda wa Chisale. Iwe mphwanga wakhala ndi gule masana amodzi okha, foni ili m'mwamba, sizingafanane.

Za zomwe unajambula pa fonizo, kumbukira kuti manja omwe ankaomba mbalule ija ndi a munthu, ali ndi ana ake, sanakulole ndipo nyimboyo ikayamba kubweretsa ndalama sadzaona olo ngwee. Iwe wemwe wina atakutengera biti yako ungathamangire ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, tsiku lomwelo. Muno mu Lusaka oomba ng'oma a kum'mawa ndi ambiri, m'magulu a zachikhalidwe ndi m'makwaya momwe, itana awiri ku situdiyo kwako, uwalipire, akuombere chimtali, uitanenso amayi atatu anayi akuombere m'manja mwa chitelele, amenewo ndi magule a poyera omwe amayi athu amavina pa chisangalalo, uone ngati log drum yako siidzakhala bwino pansi pake. Pompi ndi Mag44 anaonetsa kale kuti gospel ya pa Zed ingathe kumveka ya lero nkukhalabe ndi fungo la kwathu. Ukamaliza unditumizire ndimve, koma oyamba kuimva akhale ambuya.

FUNSO: A Malume tinatsutsana mu minibasi pochokera ku sukulu, wina ati nyimbo ya fuko lathu poyamba inali ya mu tchalitchi. Zoona?
Mwana wa giredi 11, Matero

YANKHO: Zoona mwanawe, amene ananena zimenezo wawina. Chuni chake ndi cha Nkosi Sikelel' iAfrika, yomwe Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni ya Methodist kufupi ndi Johannesburg, anapeka mu 1897 ngati pemphero lopempha Mulungu kuti adalitse Africa. Inachoka m'kalasi nkulowa m'misonkhano ya omenyera ufulu, chipani cha ANC cha ku South Africa chinaitenga kukhala nyimbo yake, kenako inakwera kuno kumpoto. Tanzania mpaka lero imaimba chuni chomwecho m'Chiswahili, Zimbabwe inaimba mpaka 1994, South Africa inaiphatikiza mu nyimbo yake ya fuko mu 1997, ife tinasunga chuni nkuikamo mau athu. Ndiye ukaimirira pa asembule dziwa kuti ukuimba nyimbo yomwe inabadwa ili pemphero zaka 94 a Chiluba asanalengeze pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu.

FUNSO: A Malume, mwana wanga wamkazi wabweretsa mnyamata wa madiredi kuti ndiye afuna kumanga naye banja. Ndi waulemu ndithu, ndi makanika, koma nyimbo zake ndi reggae yokhayokha, Jah, Zion, Babylon tsiku lonse. Iye ati ndi nyimbo zauzimu. Kodi Jah ameneyu ndi Mulungu wathu yemweyu kapena ndi wina?
Bambo wa ku Kaunda Square

YANKHO: Bambo, Jah ndi chidule cha dzina la Yehova, lili mu Salmo 68 ndime 4 m'Baibulo lachingerezi la King James, ndipo inu nomwe nthawi zonse mukati Aleluya mumalitchula kumapeto kwake, tanthauzo lake ndi tamandani Ya. Ziyoni ndi Babulo nazo ndi za m'Baibulo, Rivers of Babylon ija a msinkhu wathu tinkavina ya Boney M mu 1978 mau ake ambiri ndi a mu Salmo 137, kulira kwa akapolo okumbukira kwawo. Ndiye mnyamatayo sakunama akati ndi zauzimu.

Posiyana ndi apa. Chirasta chinayamba ku Jamaica m'ma 1930, Ras Tafari atavekedwa ufumu wa Ethiopia mu 1930 nkutenga dzina la Haile Selassie, yemwe uja msewu wa ku Longacres unatengera dzina lake. Marasta ambiri amamutenga mfumuyo ngati Mesiya wobweranso, chomwe mipingo yathu siivomereza, pomwe mwini wakeyo anali Mkhristu wa mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, ndipo Bob Marley naye anabatizidwa mumpingo womwewo mu 1980, miyezi yochepa asanamwalire. Komanso si aliyense wa madiredi amene ali mrasta wa chipembedzo, ena ndi tsitsi chabe, ena amangokonda uthenga wa chilungamo womwe uli mu reggae. Tsidya lija la Mwami, ku Malawi, malemu Evison Matafale ndi Black Missionaries aimba reggae ya m'Chichewa yodzaza ndi mau a m'Baibulo ndipo anthu a mipingo yosiyanasiyana amaimvera osaona vuto. Ndiye musamuweruze ndi sipika yake. Muitaneni mukhale naye pakhonde awiriwiri, mumufunse amakhulupirira chiyani za Yesu, ana akadzabadwa adzapemphera kuti, fodya wamkulu amasuta kapena ayi poti muno chamba ndi mlandu wa kupolisi. Zomwe akayankhe pamenepo ndi zomwe mukawauze ankhoswe.

FUNSO: A Malume, mwezi watha tinali ndi maliro a mlongo wanga. Usiku m'malo moti anthu aziimba, achinyamata anabweretsa sipika ya bulutufu nkuika nyimbo za gospel za pa foni usiku wonse, zina zovinitsa ngati tili pa kitchen party, aliyense maso pa foni yake. Amayi a mpingo atayamba nyimbo mau awo anamira m'phokoso mpaka anangokhala chete. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Ana ati ndine wachikale, nyimbo ndi za Mulungu zomwezo. Kodi ndalakwa kudandaula?
Azakhali a ku Mtendere

YANKHO: Simunalakwe amayi, ndipo pepani ndi maliro a alongo anu. Mwaona pamwambapa ndateteza kiyibodi, ndateteza ng'oma, amapiano ndi reggae yomwe, koma apa ndaima nanu. Vuto si nyimbozo, zambiri ndi zabwino, ine ndemwe ndimamvera Ephraim ndi malemu Matthew Ngosa ndikamasita malaya madzulo a pa Chiwelu. Vuto ndi lakuti pa maliro sitipita kukamvera nyimbo, timapita kukaimbira ofedwa. Maliro nkulirana. Mau a munthu yemwe wasiya bedi lake, wagona pa mphasa kapena wakhala panja pamoto ndi kuzizira kwa mu Juni, mau osasa, mwina olakwitsa ndi chuni chomwe, amamuuza namfedwa kuti suli wekha tili pano, ndipo sipika singanene zimenezo olo ilire bwanji chifukwa siinasiye kanthu pobwera.

Anawo sindikuwada ayi. Ambiri nyimbo za m'buku sazidziwa chifukwa m'matchalitchi ambiri masiku ano praise team ndiyo imaimba pa maikolofoni, mpingo umangotsatira mau pa khoma, ndiye usiku wa maliro ukafika alibe choimba cha pamtima, amathawira ku foni poopa kukhala duu. Mlanduwu ndi wathu ife aphunzitsi a kwaya ndi makolo, sitinawapatsire. Taonani a Seventh Day, amayi a Dorcas akangoyambitsa nyimbo mau amadzigawa okha popanda chida chilichonse, kapena apostoli a zovala zoyera a ku Marrapodi ndi Mandevu, aja ndevu zawo zinapatsa komboni dzina, amaimba panja maola ndi maola opanda ng'oma opanda gitala, ndipo ana awo amaziphunzira ali kumsana, palibe anawatumiza ku koleji ya nyimbo.

Ndiye m'banja mwanu mugwirizane pano kusanagwe zina, kuti sipika izilira masana pophika ndi polandira alendo, kukada izime, ndipo anene zimenezo ndi mwini mbumba kuti zisaoneke ngati nkhani ya azakhali okha. Mau a nyimbo khumi za m'buku atumizeni pa gulu la WhatsApp la banja, foni yomweyo isanduke buku la nyimbo. Achinyamatawo muwapatse mpata ayambitse makolasi awo a ku praise team koma ndi pakamwa, inu akuluakulu muziwayankha, mudzaona kuti nawonso ali ndi misozi yawo yomwe amasowa poitulutsira.

Amayi anga tinakawaika kumudzi ku Katete, mvula ikugwa, magetsi kulibe. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha aliyense atatopa, m'nyumba muli zii, agogo ena a m'mudzimo omwe sanali a mpingo wathu, amuna awo anali a gule, anayamba okha nyimbo ya m'buku ndi mau onjenjemera, anachita kuiphunzirira pa maliro a anthu ena zaka zonsezo. Vesi yoyamba anaimba okhaokha. Yachiwiri amayi a Chigwirizano anadzuka m'zitenje zawo nkulowamo, panja pansi pa tenti azibambo anaikira besi, ndipo ine amene ndinali ndisanalire chifikireni poti ndinali pa liwiro ndi za bokosi ndi transipoti, ndinalira pamenepo mpaka kunja kunacha.